Buku la ndakatulo limene lakana kukalamba

Mukadzapeza buku lotchedwa The Golden Treasury pa shelefu ya mulaibulale, musalinyoze chifukwa cha chikuto chake chothaitha. Bukuli linatuluka koyamba ku England mu 1861, ndipo mpaka lero likusindikizidwabe. Ndakatulo zimene agogo ena analoweza pamtima ali kusukulu, adzukulu awo akuzipeza m'buku lomweli.

Amene anasonkhanitsa ndakatulozi ndi Francis Turner Palgrave, yemwe panthawiyo ankagwira ntchito ku ofesi ya zamaphunziro ku London. Mnzake Alfred Tennyson, mlakatuli wotchuka kwambiri m'masiku amenewo, anamuthandiza kusankha. Anatola ndakatulo 288 n'kuziika m'zigawo zinayi motsata nthawi: ya Shakespeare, ya Milton, ya Thomas Gray ndi ya Wordsworth. Palgrave anadziikira malamulo okhwima. Ankafuna ndakatulo zokhala ngati nyimbo, zokamba ganizo limodzi, ndipo mlembi wake akhale woti anamwalira kale. N'chifukwa chake ngakhale Tennyson weniweniyo munalibemo.

Lamulo lofuna ndakatulo zonga nyimbo ndi limene lapatsa bukuli moyo wautali. Zambiri ndi zazifupi, zoti munthu n'kuloweza madzulo amodzi, ndipo chimene waloweza amayenda nacho mpaka kuukalamba. Nkhani zake nazonso sizitha fasho: chikondi chokanidwa, imfa ya mwana, unyamata umene ukutha munthu akuona. Mnyamata wa zaka 19 akawerenga ndakatulo ya Gray yokamba za anthu wamba ogona m'manda a kumudzi, amangomva kukoma kwa mawu. Bambo ake amene anaika kale m'manda makolo awo amamva zina, chikhalirecho mizere yake ndi yomweyo.

Komabe tisamaganize kuti zonse zabwino za m'Chingerezi zili m'menemu. Bukuli ndi zokonda za munthu mmodzi ndi anzake ochepa. M'kope loyamba munalibe William Blake, yemwe masiku ano amawerengedwa pakati pa alakatuli akuluakulu, ndipo Palgrave anadzamuikamo pambuyo pake. Alakatuli aakazi ndi owerengeka. Palgrave ankadulanso ndime zimene sizinamusangalatse, n'kupereka mitu yakeyake ku ndakatulo zina. Ineyo zodula ndime za eni akezi sizindikomera, ngakhale ndikuvomereza kuti khutu lake linali lakuthwa.

Nanga wophunzira wotanganidwa ndi mayeso angalikonde bwanji buku lotere? Osaliwerenga kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza ngati notsi za m'kalasi. Yambani ndi chigawo chachinayi, chimene chili ndi Wordsworth, Keats ndi Shelley, poti Chingerezi chake n'chofupikirana ndi cha lero. Sankhani ndakatulo imodzi, muiwerenge mokweza kawiri musanatsegule dikishonale. Mawu achikale ngati "thou" asakuopseni, amangotanthauza "iwe". Ndakatulo za Robert Burns ndiye zingakuvuteniko pang'ono chifukwa zambiri anazilemba m'chiyankhulo cha ku Scotland.

Patchuthi, ngati kwanu kuli mphunzitsi wopuma ntchito kapena wachikulire wina wokonda Chingerezi, mubwerekeni bukuli n'kumupempha kuti akulakatulireni imene iye amaikonda. Dziwani chabe kuti makope amasiyana. Akonzi a pambuyo pa Palgrave anawonjezera zigawo zina, kotero kope lanu likhoza kukhala ndi Tennyson yemwe m'kope la 1861 munalibe.