Caka Coyamba pa Yunivesite ya ku Durban

Mumzinda wa Durban, umene Azulu amaucha eThekwini, mukhala anthu ambiri ocokera ku Malawi ndi ku Zambia. Ena asoka zobvala, ena agulitsa malonda m'misika, ndipo ambiri afunitsitsa kuti ana ao akafike ku yunivesite. Tsono mwana akalandiridwa kukaphunzira digiri ya BA kapena ya Social Science, kholo limaganiza kuti mwanayo angosankha phunziro limodzi ndi kulitsata kufikira mapeto. Sizitero ai. Caka coyamba ciri ndi malamulo ace, ndipo wosawadziwa angathe kutaya caka cathunthu pamodzi ndi ndarama za atate wace.

Maphunziro amenewa ndi onena za munthu ndi kukhala kwace. Muli mbiri ya kale, zinenero ndi mabuku olembedwa m'zinenerozo, za ndale ndi za cuma. Muli Sociology, yofufuza makhalidwe a anthu m'mabanja, m'midzi ndi m'mizinda. Psychology, yofufuza maganizo a munthu. Ndi Philosophy, yophunzitsa kuyesa mfundo ngati iri yoona.

Kwa anthu akuda a ku Durban khomo la maphunziro awa linatseguka mobvuta. Natal University College inali ndi nyumba yace yokongola ya Howard College pa phiri la Berea kuyambira caka ca 1931, koma munali kulowa Azungu okha. Mai wina wocokera ku Britain, dzina lace Mabel Palmer, amene anafika ku Durban m'caka ca 1921, anaumirira kuti Amwenye ndi Aafirika aphunzirenso. Akuru a koleji anabvomera, koma anakana kuti mitundu ikhale m'cipinda cimodzi. Cotero m'caka ca 1936 ophunzira 19 anayamba maphunziro a BA m'zipinda zobwereka za Sastri College, imene pa nthawiyo inali sukulu ya anyamata a Cimwenye, m'mphepete mwa pakati pa mzinda, pafupi ndi misika ya Warwick. Ambiri mwa iwo anali aphunzitsi a m'masukulu, ogwira nchito mlungu wonse. Cifukwa cace anali kusonkhana pa mapeto a mlungu, kuyambira Lacisanu madzulo. Aphunzitsi a koleji anali kudzabwereza zimene anaphunzitsa kale Azungu, ndipo mayeso anali amodzimodzi. Mwa ophunzira akuda a ku Natal munaturuka Fatima Meer, amene anayamba kuphunzitsa Sociology pa yunivesite yomweyo m'caka ca 1956, ndi Mazisi Kunene, mlakatuli wamkuru wa Cizulu.

Koleji ija inasanduka University of Natal m'caka ca 1949. Lamulo la boma la tsankho la m'caka ca 1959 linaletsa akuda kulowa m'mayunivesite a Azungu popanda cilolezo ca nduna, ndipo Amwenye anawapatulira koleji yao pa Salisbury Island m'caka ca 1961, imene pambuyo pace inasamukira ku Westville. Tsankho litatha, mayunivesite awiriwa anaphatikizana pa 1 January 2004, nakhala University of KwaZulu-Natal. Lero mwana wa mtundu uli wonse akwera phiri la Berea, ndipo malamulo amene akomana nao ndi a maphunziro okha.

Lamulo loyamba ndi la kucuruka kwa nchito. Ku South Africa phunziro liri lonse amaliyesa ndi muyeso umene aucha credit, ndipo credit imodzi iimira maora 10 a nchito, kuwerengera nthawi ya m'kalasi, ya kuwerenga payekha ndi ya kulemba. Digiri ya zaka zitatu isowa macredit osacepera 360. Pa yunivesite ya KwaZulu-Natal maphunziro ambiri a caka coyamba ali ndi macredit 16, ndiwo maora 160. Caka ciyamba mu February ndipo cigawika pawiri. Wophunzira atenga maphunziro anai m'cigawo coyamba ndi anai m'caciwiri. Mwana wozolowera kuti mphunzitsi amuimirire pambuyo adabwa kuona kuti maora ambiri mwa amenewa ayenera kuwasunga yekha.

Lamulo laciwiri ndi la maphunziro akuru awiri. Pa digiri ya BA wophunzira asankha maphunziro awiri amene adzawatsata zaka zonse zitatu, monga mbiri ya kale ndi za ndale. Koma sangalowe m'caka caciwiri ca phunziro limene sanapambane ciyambi cace. Wofuna Psychology ayenera kuitenga m'caka coyamba. Akaiphonya, adzabwerera kukayamba ndi ana atsopano. Cifukwa ca ici munthu wanzeru atenga ziyambi za maphunziro atatu kapena anai, kuti limodzi likamkanika kapena likamtopetsa akhale nako kolowera. Akale anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Phunziro limene wophunzira walipambana kale ndilo lace, losatengedwa ndi loto cabe.

Lamulo lacitatu ndi la cinenero. Kuyambira caka ca 2014 yunivesite iyi inalamula kuti ophunzira atsopano a digiri yoyamba apambane phunziro la Cizulu asanalandire digiri, kupatula amene acidziwa kale. Ena anadandaula kuti ici ncokakamiza. Akuru a yunivesite anayankha kuti mphunzitsi, namwino kapena wothandiza osauka sangatumikire bwino anthu amene sakumva cinenero cao, pakuti anthu ambiri a m'cigawo ca KwaZulu-Natal alankhula Cizulu. Kwa mwana wolankhula Cinyanja katundu uyu ngwopepukirapo, popeza zinenero ziwirizi nza pa cibale: munthu ndi umuntu, madzi ndi amanzi, mvula ndi imvula.

Palinso lamulo limene ligwetsa ambiri mwakacetecete. Wophunzira saloledwa kulemba mayeso a pa mapeto ngati sanafike ku timagulu tokambirana ndi kupereka zolemba zace pa nthawi yace. Ndipo wolephera maphunziro ambiri kawiri-kawiri amcenjeza, kenaka amcotsa.

Mwina wina angafunse kuti, maphunziro ambiri otere ngacani kwa munthu wofuna nchito imodzi? Yankho lace nlakuti za anthu sizikhala pa zokha. Wofuna kumvetsa cifukwa cimene mnyamata acoka ku Mangochi kukasoka zobvala ku Durban ayenera kudziwa mbiri ya ulendo wa ku migodi, mtengo wa cimanga, malamulo a m'malire a maiko, ndi mtima wa munthu wosiya mkazi ndi ana. Phunziro limodzi lingoonetsa mbali imodzi ya nkhaniyo.

Kwa mwana amene anatsiriza sukulu kunja kwa South Africa pali cinthu cina coyambirira. Ayenera kutumiza masatifiketi ace ku Matriculation Board kuti akayesedwe ngati akwanira kulowa nao digiri, ndiponso mlendo asowa cilolezo ca boma cokhalira m'dzikomo ngati wophunzira. Izi zitenga miyezi, cotero nkwabwino kuziyamba caka cisanathe. Pambuyo pace kholo ndi mwana akhale pansi ndi buku la malamulo a maphunziro limene yunivesite iturutsa caka ndi caka, alembe maphunziro akuru awiri amene mwana afuna, aone ziyambi zace, ndipo akafunse mlangizi wa ophunzira tsiku la kulembetsa lisanafike.