Kodi chidwi cha mwana pa maphunziro amachiyeza bwanji?

Pamsika wa Nsaru, wogula soya amakoleka sikelo pamtengo, thumba n'kulendewera, muvi n'kuloza makilogalamu. Nanga chidwi chimene inu ana muli nacho pa maphunziro, aphunzitsi angachikoleke pati? Sikelo yake kulibe. Komabe amachiyeza ndithu, poyang'ana zimene mwana wachidwi amachita.

Amayambira pa mayina aja amaitana m'mawa. Mukayankha kuti "Ndilipo!" aphunzitsi amachonga m'kaundula, ndipo teremu ikatha amawerenga masiku amene munabwera ndi amene munajomba. Koma kaundula sanena zonse. Mwana wa ku Kabudula akhoza kujomba sabata yathunthu m'nyengo yosoka fodya, kapena mtsinje utadzaza, chonsecho mtima wake uli kusukulu. Mnzake sajomba chifukwa kuli phala, koma maganizo ali pa mpira wachikulunga. Musamuseke. Mimba ikamalira masamu salowa, ndipo n'chifukwa chake bungwe la Mary's Meals linayamba kuphikira ana phala m'Malawi muno mu 2002.

Kenaka pali alendo aja amabwera n'kukhala kumbuyo kwa kalasi, cholembera kumanja. Ambiri mwa iwo ndi a PEA, alangizi oyendera sukulu za pulayimale za m'zoni yawo. Amaonerera mmene aphunzitsi akuphunzitsira, koma maso amaponyanso kwa inu. Ndi angati akweza mkono? Atsikana akuyankha nawo, kapena ndi anyamata okhaokha akuliza zala n'kumakuwa kuti "Ine, aphunzitsi!"? Pa ntchito ya m'magulu, alipo wangokhala duu? Kuonerera kotereku n'kovuta, pakuti chiyambire maphunziro aulere a pulayimale mu 1994 ana anachuluka, moti kalasi imodzi ya sitandade 1 imatha kukhala ndi ana oposa 100. Ndipo kwa ine, wofunsa funso amaonetsa chidwi kuposa wokweza mkono msangamsanga. Winanso ngwamanyazi chabe: pakamwa zii, koma mukatsegula kope lake mupeza ntchito yonse yatha.

Makina nawo alowererapo. Mu 2023 boma linayambitsa ndondomeko ya BEFIT, yopereka matabuleti kwa ana a sitandade 1 mpaka 4 kuti aziphunzirapo kuwerenga ndi masamu. Tabuletiyo imasunga mphindi zimene mwana wagwirapo ntchito ndi maphunziro amene wamaliza. Koma ngati anasangalala kapena amangodina kuti nthawi ithe, iyo sidziwa.

Ndiye ochita kafukufuku amangofunsa mwini wake. Kwa ana aang'ono amaonetsa zithunzi za nkhope, ina yosekerera, ina yandwii, n'kunena kuti, "Loza mmene umamvera ikakwana nthawi ya masamu." Vuto n'lakuti ana aulemu amathamangira kuloza yosekererayo kuti asakhumudwitse wamkulu. Choncho wofunsa wanzeru amayamba wamuuza mwanayo kuti awa si mayeso, ndipo amamufunsira poduka mphepo, aphunzitsi ake asakumva.