Kuba ndi Kuba Moopseza: Kusiyana Kwake N'kotani?

Kuno kwa Maseya, m'boma la Chikwawa, nyengo yogulitsa thonje ikafika anthu amayenda ndi ndalama m'matumba, ndipo ndi nyengo yomweyo imene ife makolo timamva kuti mwana wa uje wagwidwa. Tikapita kukamuona, mawu ake amakhala akuti, "Ine sindinamenye munthu, ndinangoperekeza anzanga." Kodi mawu otere angamupulumutse pamaso pa woŵeruza?

Buku la malamulo a milandu lotchedwa Penal Code, limene linayamba kugwira ntchito m'dziko muno m'chaka cha 1930, limasiyanitsa kuba wamba ndi kuba moopseza. Mnyamata akanyamula thumba la mapira limene mayi wasiya panja pa chigayo, nathaŵa nalo mwakachetechete, mlandu wake ndi wakuba wamba, ndipo gawo 278 likuti angathe kukhala m'ndende mpaka zaka 5.

Koma tiyerekeze kuti mayi uja wamuona namuthamangira, ndipo mnyamatayo watembenuka nati, "Mukayandikira ndikuvulazani." Pamenepo mlandu wasintha. Gawo 300 likulongosola kuti wakuba amene agwiritsa ntchito nkhanza, kapena angoopseza kuti achita nkhanza kwa munthu kapena pa katundu, kuti atenge chinthucho kapena kuti asalandidwe, wapalamula mlandu wakuba moopseza. Zilibe kanthu kaya waopseza atatsala pang'ono kuba, ali mkati mwakuba, kapena atangoba kumene. Magazi ngakhale asatuluke, mawu okhawo akwanira, ndipo gawo 301 likuika chilango chofika zaka 14. Thumba ndi lomwe lija; chimene chakuza mlandu ndi mantha amene mayiyo wapatsidwa.

Gawo lomwelo likutchula zinthu zitatu zimene zimaukuza mlanduwu koposa: kunyamula chida choopsa monga chikwanje kapena mpeni, kuvulaza kapena kumenya munthu, ndi kukhala aŵiri kapena kuposerapo. Chimodzi chokha mwa izi chikapezeka, bwalo lili ndi mphamvu yopereka chilango cha imfa kapena ndende moyo wonse. N'zoona kuti m'Malaŵi palibe amene wanyongedwa chipitire chaka cha 1992, koma unyamata wothera ku Chichiri kapena ku Zomba subweranso.

Apa ndi pamene woperekeza uja amakodwa. Gawo 21 likuti wothandiza mnzake kupalamula mlandu amaŵerengedwa ngati wapalamula yekha. Amene anaima pa mphambano kuyang'ana ngati kukubwera anthu ali mu mlandu umodzi ndi amene anagwira chikwanje, ndiponso kupezeka kwakeko ndi kumene kwawasandutsa aŵiri.

Inu anyamata, mnzanu akati, "Tiye ungondidikira apo," dziŵani kuti akukuitanirani mlandu wonse, osati theka lake. Ifenso makolo, mwana akabwera ndi foni kapena njinga yosadziŵika kochokera, timufunse tsiku lomwelo, pakuti kulandira katundu tikudziŵa kuti ndi wobedwa ndi mlandunso pa wokha. Akuluakulu anati tsamba likagwa manyazi agwira mtengo. Kuli bwino kumufunsa mwana pa khonde kusiyana ndi kukamva mayankho ake m'bwalo la milandu pa boma.