Chuku: poizoni amene maso saona, koma labotale imamugwira

Ukagula chiponde cha m'botolo chokhala ndi chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards (MBS), mbali ina ya ndalama zako yalipira ntchito yoyeza chakudyacho. Nanga mtedza ndi chimanga cha pamsika wa Makhanga amayeza ndani?

Mdani wamkulu pa mbewu ziwirizi ndi chuku. Kankhungu kotchedwa Aspergillus flavus kamatulutsa poizoni wa aflatoxin, amene amawononga chiwindi mpaka kuyambitsa khansa. Asayansi anamutulukira nkhukundembo zoposa 100,000 zitafa ku England mu 1960, zitadya chakudya cha mtedza wochokera ku Brazil. Mu 2004, anthu 125 anamwalira ku Kenya atadya chimanga choipitsidwa. Kuphika kapena kukazinga sikumuthetsa ayi.

Kankhunguka kamakonda malo otentha ndi achinyontho. Taganizirani za Makhanga: kutentha kwa m'chigwa, kenako madzi a Ruo ndi Shire n'kusefukira ngati mmene zinachitikira mu 2015 komanso pa namondwe Freddy mu 2023. Chimanga chonyowa chikangotsekeredwa m'thumba, basi chuku chapeza nyumba.

Kuyeza kumayenda bwanji?

Poizoniyu safalikira mofanana m'thumba. Njere zochepa zokha zikhoza kuipitsa katundu yense. N'chifukwa chake woyeza amatapa pang'onopang'ono m'matumba ambiri, n'kusakaniza ndi kupera. Ufawo amauthira methanol kuti aflatoxin asungunuke, kenako amaviikamo kapepala kokhala ndi ma antibody, kofanana ndi koyezera malungo. Akafuna nambala yeniyeni amagwiritsa ntchito makina a HPLC.

Apa ndiye pamene pamapita ndalama: makina, mankhwala, magetsi osazimazima, akatswiri, komanso katundu amene amatayidwa akalephera mayeso. Kampani imalolera kulipira chifukwa msika sukhululuka. Mayiko a European Union salola mtedza wodyedwa mwachindunji kupitirira 4 ppb. Kumeneko n'kunena magalamu 4 okha m'matumba 20,000 a makilogalamu 50!

Vuto n'lakuti zakudya zambiri za kumudzi zimachoka kumunda kupita kuchigayo, kenako m'mbale, osadutsa mulabotale. Choipa kwambiri, mtedza wabwino umagulitsidwa, wofwifwa ndi wobooka n'kutsala pakhomo kuti ukhale nsinjiro.

Ndiye titani?

Umitsani chimanga pamkeka kapena palona, osati padothi, mpaka njere izilira “khwa” mukailuma. Matumba akhale pathandala, osagunda khoma. Musawaze madzi mtedza pofuna kuti usendeke msanga. Njere zankhungu zitayeni, ndipo musapatse nkhuku kapena ng'ombe, popeza poizoniyu amatha kulowa mumkaka ndi m'mazira.

Mukamaphunzira za fungi mu Biology, dziwani kuti nkhani yake ili m'nkhokwe ya kwanu. Madzulo ano tapani chimanga chodzaza dzanja, muwerenge njere zowonongeka, mawa mukayerekeze ndi zimene anzanu apeza m'kalasi.