Duwa losunga nkhokwe yake pansi pa nthaka

Mwezi wa Febuluwale banja la kumudzi limakhala ndi chimanga pawiri. China chili kumunda, chamasula ngayaye koma sichinakhwime. China ndi cha chaka chatha, chatsalira pansi penipeni pa nkhokwe, moti wokatapa amawerama mpaka mutu osaoneka. Mphamvu zopalira ndi kubandira chakumundacho zikuchokera m'nkhokwe yakaleyo, ndipo pofika Meyi yakale imakhala itatheratu, yatsopano ikudzaza. Amene anakulira pakhomo pa nkhokwe akudziwa kale theka la kasamalidwe ka maluwa a orchid omera m'dothi, ngakhale sanadzalepo ndi limodzi lomwe.

Ambiri tikamva za orchid timaganiza za maluwa okongoletsa m'mahotela aja, amene kwawo kutchire amakhala panthambi za mitengo, mizu ili lendelende. Koma ilipo mitundu yambirimbiri yomera pansi, pakati pa udzu, m'madambo ndi m'nkhalango za miombo. M'Malawi muli mitundu ya orchid yoposa 400, monga linasonyezera buku la Orchids of Malawi limene Isobyl la Croix ndi anzake anatulutsa mu 1991. Pa Nyika pokha pali mitundu pafupifupi 200, yambiri yomera pansi, ndipo Januwale ndi Febuluwale ndiyo miyezi imene imachita maluwa kwambiri. Yotchuka ndi ya m'magulu a Disa, Satyrium ndi Habenaria. Mayinawa ndi achilendo koma mbewuzo si zachilendo ayi: timbatata take nditimene timapangira chinaka kapena chikande, chimene ku Zambia amati chikanda.

Mukakumba mosamala pambali pa Satyrium ali pamaluwa, mupeza timbatata tiwiri togundana. Kena ndi kofota, kamakwinya, kakuderako, kofewa mukakatsina. Kena ndi kolimba, kosalala, koyererako mkati, ndipo kumutu kwake kuli kadiso kamodzi. Kofotako ndiye nkhokwe ya chaka chatha. Masamba, phesi ndi maluwa onse amene mukuwaona atuluka m'menemo, n'chifukwa chake kafota. Kolimbako ndi nkhokwe yatsopano imene masamba akudzaza tsiku ndi tsiku. Mvula ikatha, zonse zapamtunda zimauma, kambatata kakale kamawola, mizu nayo imafa. Chotsala ndi kambatata katsopano kokha. M'kamenemo muli mbewu yonse ya chaka chamawa, ndipo palibenso pena pamene yasungika.

Izi zikamveka, malangizo a kasamalidwe sakhalanso oloweza pamtima. Amadzifotokoza okha.

Tiyambe ndi masamba, popeza ndiwo munda wa banjali. Maluwa akafota, wosamala pakhomo dzanja limamuyabwa kuti adule zonse poto aoneke bwino. Dulani phesi la maluwa ngati simukufuna njere, koma masamba asiyeni mpaka achite chikasu ndi kuuma okha. Masabata otsatira maluwa ndi amene kambatata katsopano kamanenepa kwambiri. Kudula masamba akadali obiriwira kuli ngati kukolola chimanga chosakhwima n'kuyembekeza kuti chikufikitsani chaka chamawa. Mbewu yotero imaphukabe mvula ikagwa, koma imatulutsa tsamba limodzi lonyozoloka popanda duwa, ndipo chaka chinacho mwina osaphukanso. Nkhono nazo zimawononga chimodzimodzi. Zimabwera usiku, m'mawa n'kupeza tsamba lanthete labooledwa ndi kanjira konyezimira padothi. Tsamba limene nkhono yadya silimeranso chaka chimenecho, choncho ndi bwino kuyendera mapoto ndi tochi madzulo a mvula n'kuzitola ndi manja.

Pamene mbewu zambiri zimafera ndi m'chilimwe, ndipo zimafa ndi chikondi cha mwini wake. Poto amaoneka wopanda kanthu, dothi lokhalokha. Wina amaganiza kuti duwa lafa, n'kukhuthula dothi kudzala. Wina amamva chisoni, n'kumathirira m'mawa uliwonse pamodzi ndi maluwa ena apakhonde. Uyu wachiwiriyu ndiye amandimvetsa chisoni kwambiri, chifukwa khama lake ndi lenileni. Koma taganizani nkhokwe imene denga lake likudontha. Chimanga sichidzamera bwino chifukwa chakuti chanyowa m'nkhokwe. Chichita nkhungu n'kuwola. Kambatata kogona kalibe mizu yamoyo yomwera madzi ndiponso kalibe masamba owatulutsira. Madzi amangokazinga, ndipo mukadzafukula mupeza kachikopa kokha, mkati muli phala lonunkha. Masamba akayamba chikasu, chepetsani madzi pang'onopang'ono. Akauma, lekani. Ikani poto pamthunzi pozizira, pamene mvula yosochera ya chiperoni singamunyowetse, ndipo mulembepo chizindikiro kuti wosesa asamutaye.

Komabe kuuma kuli ndi malire ake. Kutchire kambatata kamagona pansi pa udzu ndi dothi lochindikala, ndipo m'dambo pansi pamakhalabe pozizira ndi kachinyezi ngakhale mu Okutobala. Poto wamng'ono wapulasitiki wakuda wosiyidwa pasimenti padzuwa la mwezi umenewo amawotcha zonse zili mkati. Ndiye mthunzi ndi wofunika kuposa china chilichonse, ndipo kwa mitundu ya m'dambo kuwaza timadzi pamwamba kamodzikamodzi, kuti dothi lisasanduke fumbi, n'kokwanira.

Kudzuka kwake musakufulumize. Kutchire mbewuzi zimadikira chizimalupsa ndi mvula yoyamba, ndipo m'poto kamphukira kamadzionetsa kokha nthawi yake ikakwana. Mukaona kansonga katuluka, yambani ndi madzi ochepa m'mbali mwa poto, osati pakamphukira penipeni, chifukwa madzi akakhazikika pakati pa timasamba tatsopano timawola. Masamba akatambasuka ndiye muzithirira mokwanira, kudikira kuti pamwamba paume pang'ono musanathirenso. Madzi a mvula ndi abwino kuposa a mjigo wamchere.

Dothi likhale lotaya madzi msanga. Makande ndi katondo wokhayokha ayi. Sakanizani mchenga wa kumtsinje wokhakhala, masamba owolerana a pansi pa mitengo, dothi lapamwamba pang'ono ndi timakala tophwanya. Muliyese chonchi: linyowetseni, mulifumbate, kenako tambasulani dzanja. Likagumuka lokha lili bwino, likatsala chibuma onjezani mchenga. Poto wadothi wobooka pansi amasunga mizu pozizira kuposa chitini kapena pulasitiki. Kambatata kaikeni kadiso kali kumwamba, masentimita awiri kapena atatu pansi pa dothi, ndipo kusintha dothi kuchitike kadakali mtulo. Za feteleza, chepetsani dzanja. Mizu ya orchid ndi yochepa, yonenepa, yosachedwa kupsa ndi mchere. Zitosi za nkhuku zaziwisi kapena yureya wa m'chipande zimapha mbewu m'masiku ochepa. Ngati muli ndi feteleza wosungunula m'madzi, thirani gawo limodzi mwa magawo anayi a muyezo wolembedwa papaketi, nthawi ya masamba yokha.

Si orchid aliyense wa m'dothi amene amagona chilimwe, ndipo apa mpofunika kufunsa kwawo kwa mbewu musanagule. Disa uniflora, duwa lofiira la pa Table Mountain ku Cape Town, limamera m'mphepete mwa timitsinje tozizira ndipo mizu yake siyenera kuuma ndi tsiku limodzi. Spathoglottis ndi Phaius, ochokera ku Asia, amene amapezeka kwa ogulitsa maluwa m'mayiko otentha, amakhala ndi masamba chaka chonse. M'nyengo yozizira mumangochepetsa madzi, osaleka. Kutentha nako kumasankha. Mbewu ya pa Nyika, yozolowera mamita oposa 2,000 ndi chisanu choyeretsa udzu mu Juni ndi Julaye, singapirire ku Nsanje kapena ku Mangochi, ngakhale muisamale bwanji.

Woyamba kumene ndimamulangiza Eulophia. Gulu limeneli lili ngati khomo la mlimi wopeza bwino, pamene nkhokwe ya chaka chino imaima pambali pa ya chaka chatha ndi ya dzana, zonse zili ndi kanthu. Timbatata take sititha chaka chimodzi. Timalumikizana mndandanda, katsopano kutsogolo, takale pambuyo tikuthandizabe. N'chifukwa chake Eulophia amapirira chaka chimodzi choipa, pamene Satyrium kapena Habenaria mukamulakwira kamodzi ndiye kwatha. Eulophia speciosa, wa maluwa achikasu owala ndi masamba ochindikala, amakonda dothi lamchenga ndi dzuwa ndipo kutentha sakuopa. Eulophia streptopetala, wa maluwa achikasu osakanikirana ndi kofiirira, amafuna mthunzi wa apo ndi apo, ndipo mitu yake, ndiye kuti timbatata take, imakhala pamwamba pa dothi, choncho musaikwirire. Chitsa chikakula chimagawika: mumadula ndi mpeni woyera mbewu ili mtulo, chigawo chilichonse chikhale ndi mitu itatu kapena kuposa, pachilonda n'kupakapo phulusa la makala, n'kusiya paume tsiku limodzi musanadzale.

Wina angafunse kuti bwanji osangofesa njere. Njere ya chimanga imachoka kwawo ndi chakudya chake. Ufa umene timasinja uja ndi umene ukanadyetsa kamphukira. Njere ya orchid ilibe kankhokwe ngakhale kakang'ono. Ndi fumbi chabe, masauzande ambiri m'kachibalobalo kamodzi, ndipo mphepo imaziulutsa. Kuti imere iyenera kugwera pamene pali timaulusi ta bowa wa mtundu woyenera m'dothi. Timaulusito timalowa m'njere, ndipo kambewu kamadya kuchokera kwa bowayo mpaka katapanga tsamba ndi kambatata kakekake. Katswiri wa zomera wa ku France, Noël Bernard, ndiye anazindikira zimenezi mu 1899. Mu 1922 Lewis Knudson wa ku yunivesite ya Cornell ku America anasonyeza kuti njerezi zingamere popanda bowa ngati zifesedwa m'botolo lotsekedwa, lopanda tizilombo, pa chakudya chokhala ndi shuga ndi michere. Maluwa ambiri a orchid ogulitsidwa padziko lonse lero amayambira m'mabotolo otere. Pakhomo njira imene ingayesedwe ndi kuwaza njere padothi la m'poto wa make, pamene bowayo angakhale alipo kale. Zikamera, papita zaka zingapo duwa loyamba lisanaoneke.

Apa ndi pamene nkhani ya chinaka imandiwawa. Chakudyachi ndi chathu ndipo n'chokoma: timbatata touma tosinja, nsinjiro, mchere, soda kapena chidulo ndi tsabola, kuphika mpaka kulimbe, makala pamwamba pa chivundikiro, kenako kudula zidutswa zofiirira. Kale chinali ndiwo ya pakhomo, yokumbidwa pang'ono m'dambo lapafupi. Tsopano chikugulitsidwa m'misika ndi m'misewu ya Lusaka ndi Copperbelt ku Zambia, ndipo timbatata tikuchokera kutali, ku Tanzania, Malawi, Angola ndi Congo. Mu 2003 Tim Davenport ndi Henry Ndangalasi anayerekeza kuti timbatata pakati pa 2.2 miliyoni ndi 4.1 miliyoni tinkachoka kumapiri a kum'mwera kwa Tanzania kupita ku Zambia chaka chilichonse. Chimodzi mwa zifukwa zokhazikitsira paki ya Kitulo ku Tanzania mu 2005 chinali kuteteza maluwa amenewa.

Wokumba amafuna kambatata kolimba, chifukwa kofota kalibe ufa. Ndiye kuti kambatata kalikonse ka m'thumba ndi mbewu yathunthu imene sidzaphukanso. Si kuthyola chipatso mtengo n'kutsala. Ndi kunyamula nkhokwe yatsopano yonse, banja n'kulisiyira yopanda kanthu. Akakumba maluwa asanabereke njere, ndiye ngakhale fumbi lija silifika pansi. Amayi ndi ana amene amakumba sindingawaloze chala. Ambiri ndi osauka, ndipo ndalamayo ndi ya sopo ndi makope a kusukulu. Amene ndilibe naye chifukwa chomukhululukira ndi wokonda maluwa wa m'tauni amene amaima ndi galimoto pa Zomba kapena pa Viphya, n'kuzula Disa ali pamaluwa kuti akamuike pakhonde. Mbewu yozulidwa nthawi imeneyo yathyoka mizu, yasiyana ndi bowa wake, kambatata katsopano sikanadzaze, ndipo kawirikawiri siiona mvula yachiwiri. M'paki ngati ya Nyika kukumba n'koletsedwa ndi lamulo, ndipo orchid aliyense ali pa mndandanda wa pangano la CITES, kotero kuwolotsa malire a dziko kumafuna chilolezo.

Alimi a orchid wa m'dothi ku Australia ali ndi njira yochulukitsira mitundu ina imene imapanga kambatata kamodzi pachaka. Mbewu ikadali yobiriwira amaikhuthula m'poto mosamala, n'kupotokola kambatata katsopano, n'kukasunga mumchenga wouma. Mbewuyo amaibwezera m'dothi ndi kambatata kake kakale ndi mizu yosathyoka, n'kupitiriza kuthirira. Popeza masamba akugwirabe ntchito, imamanganso kena nyengo isanathe, ndipo mlimi amapeza tiwiri pamene akanapeza kamodzi. Ntchito yotere ndi imene ndikanakonda kuiona ikuyesedwa pa Satyrium ndi Disa athu m'minda yoyeserera ndi m'magulu a alimi a ku Rumphi, Chitipa ndi Dedza, pamodzi ndi kumeretsa njere m'mabotolo, kuti wofuna chinaka ndi wofuna duwa onse akagule kwa mlimi. Pakadali pano, wofuna kuyamba apemphe chigawo cha Eulophia kwa mnzake amene ali nacho kale pakhomo, kapena agule kwa wogulitsa amene angamuonetse chitsa chimene anagawako, ndipo achite zimenezi mu Ogasiti kapena Seputembala, mbewu isanadzuke.