Makonzedwe a Ulendo wa ku Johannesburg

Kale anthu a ku Malawi ankapita ku Joni pa miyendo. Ankanyamuka ndi thumba la ufa, mphika ndi kankhwangwa, nayenda masabata ambiri m'thengo, kunka ku migodi ya golide ya ku Johannesburg, mzinda umene unayamba m'chaka cha 1886. Ena anabwera ndi njinga ndi zovala zokongola, koma ena sanabwerenso, ndipo amenewo anthu anawatcha matchona. Lero ulendo womwewo ayenda pa basi, ndipo ambiri apita masabata awiri okha, kukaona mbale kapena kukagula katundu wa malonda. Koma munthu wopita koyamba ayenera kuyamba wakhala pansi ndi kuwerenga bwino masiku ake, pakuti pakati pa mudzi wake ndi Johannesburg pali maiko ena awiri ndi malire atatu.

Njira yake ndi iyi. Basi yochokera ku Blantyre ifika ku Mwanza, ndipo ikadutsa malire ilowa m'dziko la Mozambique pa Zobue. Anthu a kumeneko amva Chinyanja, kotero mlendo sadziwa msanga kuti watuluka m'dziko lake, koma aona kuti zikwangwani za m'mbali mwa msewu zalembedwa m'Chipwitikizi. Pambuyo pake basi itsikira ku Tete, kumene mtsinje waukulu wa Zambezi uli ndi milatho iwiri: wakale unatha kumangidwa m'chaka cha 1973, ndipo watsopano, wotchedwa Kassuende, unatsegulidwa mu 2014. Ochokera ku Lilongwe kawirikawiri atulukira pa Dedza, koma nawonso aolokera pa Tete pomwepo. Kuchoka apo msewu ufika pa Cuchamano ndi Nyamapanda, polowera m'dziko la Zimbabwe, nupitirira mpaka ku Harare. Kuchokera ku Harare kukafika ku Beitbridge, pa mtsinje wa Limpopo, pali makilomita ngati 580, ndipo tsidya lija la Limpopo ndiye South Africa. Komabe ulendo sunathe ai, pakuti kwatsala makilomita oposa 500 kuti afike ku Johannesburg.

Tsono wapaulendo awerenge motere. Popita basi itha pafupifupi masiku awiri, ndipo pobwera chimodzimodzi. Ngati anatsazika kwao kuti akakhala masiku 14, anai atha pa msewu, ndipo otsala ndi khumi okha. Chimene chichedwetsa kwambiri si kutalika kwa njira kokha, koma malire. Pa malire alionse anthu onse atsika m'basi naima pa mzere, kuti pasipoti idindidwe kawiri, chidindo chotuluka m'dziko lino ndi china cholowa m'dziko linalo. Popita zidindo zikwana 6, pobwera 6, zonse pamodzi 12. Pa Beitbridge makamaka, m'nyengo ya Khirisimasi, mzere utalika ndithu, ndipo anthu atha kuimapo maola ambiri. Chifukwa chake munthu wa ulendo waufupi asati, "Ndikatsikako ku Tete, ndikagonenso ku Harare, ndikaone zonse." Wotero aona malo okwerera basi okhaokha, nabwera wotopa. Kuli bwino asankhe malo amodzi okakhalitsa, ndipo maiko enawo awaonere pa zenera. Mwayi wake ndi wakuti maiko anaiwa ayendera nthawi imodzi, kotero wotchi yake sasintha.

Pasipoti aitenga ku ofesi ya boma yoona za anthu olowa ndi otuluka m'dziko, monga ku Blantyre, ku Lilongwe kapena ku Mzuzu. Siituluka tsiku lomwelo, ndipo wanzeru aifunsa ikali miyezi ingapo, asanagule tikiti. Pakuti Mmalawi wokacheza masiku ochepa m'maiko atatuwa safunika viza, anthu ena aganiza kuti akhoza kukhala monga afunira. Si tero ai. Dziko la South Africa lilola mlendo wa ku Malawi masiku osapitirira 30, ndipo tsiku lotulukira alilemba pa chidindo cha pa Beitbridge. Nthawi zina alemba masiku ochepera pamenepo. Ndiye wapaulendo asabweze pasipoti m'thumba asanawerenge chimene chalembedwa, ndipo ngati sanamvetse afunse pomwepo. Akulu anati safunsa anadya phula. Monga mwa lamulo limene linayamba mu 2014, munthu wopitiriza masiku ake, ngakhale pang'ono pokha, aletsedwa kulowanso m'dzikomo chaka chathunthu, ndipo wopitiriza masiku oposa 30 aletsedwa zaka zisanu. Aliponso anthu amene alonjeza kuolotsa alendo pa Limpopo usiku, popanda pasipoti. Njira imeneyo ndi ya ng'ona ndi achifwamba, ndipo wogwidwa atsekeredwa nabwezedwa kwao chimanjamanja.

Dziko lililonse lili ndi ndalama zake. Kwacha ithera pa malire a Malawi. Ku Mozambique agwiritsa ntchito metical, ku South Africa randi, ndipo ku Zimbabwe dola ya ku America iyenda pamodzi ndi ndalama yao yotchedwa ZiG, imene inatuluka mu 2024. Wongodutsa safunika kusintha ndalama m'dziko lililonse, pakuti posintha paliponse kanthu pang'ono kataika. Asinthe ku banki asananyamuke, ndipo achenjere nawo anyamata ozungulira basi pa malire ndi mitolo ya ndalama m'manja, chifukwa mlendo sadziwa kusiyanitsa ndalama yabwino ndi yachinyengo. Kamba wa pa njira atenge kwao: mtedza wokazinga, mbatata zootcha ndi botolo la madzi. Koma choposa zonse ndi ndalama ya pobwera. Imeneyi aipatule poyamba penipeni, aisunge payokha pafupi ndi thupi, kapena agulire tikiti ya pobwera asanachoke. M'masitolo a ku Johannesburg muli zinthu zokopa maso, ndipo ndalama yosapatulidwa ithera momwemo, masiku a pa chidindo ali kutha.

Za zovala, alingalire za malo awiri. Ku Tete ndi kuchigwa, ndipo kutentha kwake kufanana ndi kwa ku Nsanje. Koma Johannesburg ali pamtunda, mamita oposa 1,700 pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo m'mwezi wa June ndi July kuzizira mpaka udzu kuyera ndi chisanu m'mawa. Wopita nthawi imeneyo asasiye jekete ndi bulangete, ndipo azisunge pamwamba pa katundu, pakuti ngakhale m'basi usiku muzizira.

Chotsala ndicho kudziwa kumene akafikira. Dzina la msewu, nambala ya nyumba ndi nambala ya lamya ya mbale wake azilembe pa pepala, pakuti foni ithima kapena ikana kugwira ntchito m'dziko la eni. Pepala lina lotero asiyire a kunyumba, pamodzi ndi tsiku limene ayembekeza kubwera. Ndipo akagula katundu asunge malisiti onse, chifukwa pa Mwanza okhometsa msonkho adzafuna kuona mtengo wa chinthu chilichonse asanamlole kupitirira.