Inshuwalansi ya Maloji a M'mbali mwa Nyanja

Pa Nkhudzi, pakati pa tauni ya Mangochi ndi Monkey Bay, loji imakopa alendo chifukwa chokhala pafupi ndi madzi, ndipo ngozi yake yaikulu imachokeranso komweko. Mu 2024 nyanja ya Malawi inadzaza kupitirira mamita 476 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere, madzi n'kulowa m'zipinda zogona ndi m'makhitchini a maloji ambiri m'boma la Mangochi. Onjezanipo moto pa madenga a udzu, mphepo ya mwera, ndi mlendo wovulala pa boti.

Apa m'pamene broker amafunika. Ejenti amagulitsa inshuwalansi ya kampani yomwe akuiimira, koma broker amaimira mwini loji. Amafunsa mitengo ku makampani angapo, monga NICO General ndi Britam, ngakhale kuti komishoni yake imachokera ku kampani yomwe yasankhidwa. Ayenera kukhala ndi chiphaso chochokera ku Reserve Bank of Malawi, ndipo musachite manyazi kupempha kuti muchione.

Broker wabwino amafika pamalopo, osangotumiza fomu ali ku Blantyre. Amaona kutalikirana kwa khitchini ndi denga la udzu, mawaya a magetsi, zozimira moto, ndi pomwe madzi analekezera. Kenako amawerenga pangano mawu ndi mawu, chifukwa chigumula chobwera usiku umodzi ndi nyanja yokwera pang'onopang'ono kwa miyezi sizitengedwa mofanana m'mapangano onse. Funso lakuti pangano lanu likuteteza ziti mwa ziwirizi liyankhidwe polemba musanalipire. Broker afunsenso za ndalama zomwe loji imataya ikatsekedwa, pakuti antchito amayembekezerabe malipiro alendo kulibe.

Chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi mtengo wolembedwa pa pangano. Mu November 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo simenti, malata ndi matabwa zinakwera. Tiyerekeze kuti kumanganso nyumba yanu lero kungadye K200 miliyoni, koma pangano likunenabe K100 miliyoni. Moto ukawononga mbali ya K40 miliyoni, mapangano ambiri amalola kampani kulipira theka lokha, K20 miliyoni, popeza munateteza theka la mtengo wake. Choncho chaka chilichonse, pangano lisanathe, broker aitane katswiri woyeza mitengo ya nyumba adzawerengerenso ndalama zomangira.